Msilikali akasamutsidwa, laisensi ya mkazi wake imatsala: nkhani ya ziphaso za ntchito ku America

Pa 5 Januwale 2023, Pulezidenti Joe Biden anasainira lamulo lomwe dzina lake limanena za magalimoto ndi maphunziro a asilikali opuma, Veterans Auto and Education Improvement Act. M'kati mwake munali kandime kakafupi komwe mabanja a asilikali anakhala akukalirira kwa zaka zoposa khumi. Kandimeko kankati msilikali akasamutsidwa kuchoka m'chigawo china kupita m'chigawo china, laisensi ya ntchito yomwe iyeyo, mkazi wake kapena mwamuna wake ali nayo izilemekezedwa kumene afikako. Pasanathe zaka ziwiri aphungu anakalembanso kandimeko mwatsopano, ndipo pakati apa nkhani inali itafika kale kukhoti.

Munthu wa kuno akamva zimenezi amadabwa, ndipo kudabwako n'komveka. Msilikali akachoka ku Cobbe Barracks ku Zomba kupita ku Moyale ku Mzuzu, mkazi wake amene ndi namwino amaganiza za nyumba, za sukulu ya ana, ndi zopeza malo pachipatala cha kumeneko. Chiphaso chake cha Nurses and Midwives Council of Malawi sichimudetsa nkhawa, chifukwa chimagwira ntchito kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Ku America gwero la vuto lonse ndi ili: boma lomwe limasamutsa banja ndi lina, boma lomwe limapereka chilolezo chogwirira ntchito ndi linanso.

Laisensi si digiri

Pali mapepala atatu omwe anthu amakonda kuwasokoneza. Digiri kapena dipuloma imachitira umboni kuti munthu anaphunzira. Satifiketi yochokera ku bungwe la akatswiri imati munthuyu tinamuyesa ndipo ntchito amaidziwa, koma amene alibe satifiketiyo saletsedwa kugwira ntchitoyo. Laisensi ndi chilolezo cha boma, ndipo wogwira ntchito alibe chilolezocho waphwanya lamulo ngakhale akhale katswiri wotani. Zili ngati kuyendetsa galimoto. Mukhoza kukhala mutayendetsa thirakitala pa esiteti zaka khumi osagundapo ngakhale mtengo, koma wapolisi wa pamsewu akakuimitsani chomwe amafuna ndi kakhadi kaja basi.

Nanga kakhadiko amapereka ndani? America ndi chitaganya cha zigawo 50, ndipo mawu oti chigawo asatisocheretse. Texas kapena California si ngati chigawo cha kummwera kapena chapakati kuno. Chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo, bwanamkubwa wosankhidwa ndi anthu, makhoti ake ndi apolisi ake. Ndime yachikhumi yowonjezera pa malamulo oyendetsera dzikolo, ya mu 1791, imati mphamvu zomwe sizinaperekedwe ku boma la ku Washington ndi za zigawo kapena za anthu eni ake. Kusankha amene angachize odwala, kuphunzitsa ana kapena kulumikiza mawaya a magetsi m'nyumba kunagwera mbali ya zigawo. Khoti lalikulu la dzikolo linatsimikiza zimenezi mu 1889 pa mlandu wa Frank Dent, amene ankachiza anthu ku West Virginia ndi dipuloma ya sukulu yomwe chigawocho sichinaivomereze. Oweruza anati chigawo chili ndi ufulu wofuna umboni wakuti munthu amadziwadi ntchito asanagwire odwala.

Poyamba ntchito zofuna laisensi zinali zochepa. M'zaka za m'ma 1950 zinkakhudza anthu apantchito osapitirira asanu pa 100 alionse. Lipoti lomwe boma la Barack Obama linatulutsa mu 2015 linapeza kuti chiwerengerocho chinali chitafika munthu mmodzi pa anayi alionse, kuti ntchito zoposa 1,100 zili ndi malamulo otere m'chigawo chimodzi kapena zingapo, koma zomwe zili nawo m'zigawo zonse 50 sizikwana 60. Ndiye kuti ntchito yomwe kuno mumangoyamba, kutsidya kwa malire imafuna mayeso. Ngakhale pa ntchito yomwe zigawo zonse zimafuna laisensi, zofunazo sizifanana. Wokonza tsitsi ndi nkhope ku New York amafunika maola 1,000 a kusukulu, pamene zigawo zambiri zimafuna 1,500. Mayi amene wakonza tsitsi kwa zaka angauzidwe kuti maola ake akuperewera.

Malaisensiwa amaperekedwa ndi mabodi, ndipo mamembala ambiri a bodi amakhala anthu a ntchito yomweyo. Apa m'pamene pali mkangano wakale. Oikira kumbuyo mabodi amati palibe angayese namwino kuposa namwino mnzake, ndipo wodwala alibe njira yodziwira yekha ngati womubaya jekeseni ndi weniweni. Otsutsa, monga katswiri wa zachuma Morris Kleiner wa ku University of Minnesota, amati malamulo ambiri amachepetsa opikisana nawo ndi kukweza mitengo popanda umboni wokwanira wakuti ntchito yakhala yabwinopo. Mu 2015 khoti lalikulu linagamula motsutsa bodi ya madokotala a mano ya ku North Carolina, yomwe inkathamangitsa anthu osakhala madokotala pa bizinesi yoyeretsa mano. Mbali zonse ziwiri zili ndi zitsanzo zake zoona.

Kalata ya PCS

Anthu wamba ku America amasamuka akafuna. Msilikali amasamuka akalamulidwa. Kalata yomusamutsa amaitcha PCS, chidule cha Permanent Change of Station, ndipo dzinalo n'loseketsa pang'ono, chifukwa limanena za kusamukiratu pamene kawirikawiri pakangopita zaka ziwiri kapena zitatu imabweranso ina. Banja lili ku Norfolk, Virginia, lero, kenako ku San Diego, California, kenako ku Fort Bliss ku El Paso, Texas. Lipoti la unduna wa zachuma ndi wa zachitetezo la mu Febuluwale 2012 linati akazi ndi amuna a asilikali amawoloka malire a zigawo kuwirikiza kakhumi kuposa anzawo wamba, ndiponso kuti pafupifupi 35 pa 100 alionse mwa amene ali pantchito kapena akufuna ntchito ali m'ntchito zofuna laisensi kapena satifiketi. Uphunzitsi, kulera ana ndi unamwino ndizo zinali pamwamba.

Tiyerekeze mphunzitsi wina amene wafika pamalo atsopano mwezi wa Julaye. Alembere ku koleji yake kuti imutumizire mapepala, apemphe bodi yakale itsimikize kuti alibe mlandu, adinde zala, alipire, adikire. Mwina amuuza kuti alembenso mayeso, kapena achite kosi ya malamulo ndi mbiri ya chigawocho. Sukulu zatsegulira, malo onse adzaza. Laisensi ikamatuluka, chaka chimodzi mwa zitatu zija chapita, ndipo akamazolowera, kalata ina yafika. Ambiri amangosiya n'kukagwira ntchito yotsika kuposa yomwe anaphunzira.

Kafukufuku wa unduna wa zachitetezo wakhala akupeza kwa zaka zambiri kuti mwa akazi ndi amuna a asilikali amene akufuna ntchito, pafupifupi mmodzi pa asanu alionse alibe. Mwa anthu khumi alionse a gululi, pafupifupi asanu ndi anayi ndi amayi. Koma chiwerengerochi tisachisenzetse laisensi yokha. Ambiri sali m'ntchito zofuna laisensi n'komwe. Makampu ena ali kutali ndi matawuni, malo osiyako ana ndi osowa, ndipo olemba ntchito ena safuna munthu amene akudziwa kuti achoka posachedwa.

Asilikali amaitenga nkhaniyi ngati yawo chifukwa cha mawu omwe amakonda kunena: timalemba msilikali, koma amene timasunga ndi banja. Banja la ku America lodalira malipiro a munthu mmodzi limavutika, ndipo mkazi akatopa n'kutaya ntchito pa transifa iliyonse, mwamuna amene boma lawonongerapo ndalama zambiri pomuphunzitsa amavula yunifolomu. Mu Febuluwale 2018 akuluakulu a asilikali a pamtunda, a pamadzi ndi a mumlengalenga analembera abwanamkubwa kuwauza kuti posankha kumene angaike asilikali azidzaonanso ubwino wa sukulu ndi mmene chigawo chimalandirira malaisensi ochokera kwina. Kampu ndi chuma kwa tawuni yoyandikana nayo, ndiye kalata yotere sinali yongowerenga n'kuika pambali.

Wopuma usilikali: luso lilipo, pepala palibe

Nkhani zambiri zimaphatikiza magulu atatu ngati kuti vuto lawo ndi limodzi. Sizili choncho. Msilikali amene adakali pantchito ndiye savutika kwenikweni pa ntchito yake ya usilikali. Dokotala kapena namwino wa asilikali akakhala ndi laisensi ya chigawo chimodzi chilichonse, lamulo la Washington limamulola kuchiza m'zipatala za asilikali kulikonse. Mkazi wa msilikali ali ndi laisensi, koma simutsatira. Wopuma usilikali nthawi zambiri alibe laisensi n'komwe, chifukwa zomwe anaphunzira anaphunzirira kusukulu za asilikali zomwe mabodi sakuzidziwa. Ndipo amene amatuluka usilikali chaka chilichonse ndi anthu pafupifupi 200,000.

Chitsanzo chodziwika ndi cha wothandiza ovulala kunkhondo, amene asilikali a pamtunda amamutcha 68W. Amaphunzira ku Fort Sam Houston ku San Antonio, ndipo amatuluka ndi satifiketi ya EMT, yomwe ndi sitepe yoyambirira ya ogwira ntchito mu ambulansi. Kunkhondo amachita zoposa pamenepo: amaika diripi, amaletsa magazi pa mwendo woduka, amatsegula njira ya mpweya pakhosi pa munthu amene akubanika. Akabwerera kwawo pepala lake limamulola zochepa kwambiri kuposa zomwe manja ake amadziwa, ndipo kuti akhale namwino amauzidwa kuti ayambire pansi pamodzi ndi ana ongomaliza sekondale.

Mbali ya bodi nayo imvedwe. Msilikali uja anazolowera achinyamata amphamvu ovulala ndi zipolopolo. Chipatala wamba chimadzaza ndi nkhalamba za matenda a shuga ndi a mtima, amayi oyembekezera ndi makanda. Luso lake ndi lakuya koma lopapatiza. Njira yomwe zigawo zingapo zatsata ndi yoyerekeza maphunziro awiriwo phunziro ndi phunziro, n'kukonza kosi yaifupi yongodzaza mipata, kuti munthu asabwereze zomwe akuzidziwa kale. Maganizo amenewa si atsopano. Mu 1965 dokotala Eugene Stead wa ku Duke University anatenga anyamata anayi amene anali azachipatala a asilikali a pamadzi n'kuyamba nawo maphunziro a physician assistant, ntchito yofananako ndi ya ma clinical officer athu. Lero ntchitoyo ili m'zigawo zonse.

Kwa madalaivala zinayenda mosavutirapo. Kuyambira mu 2011, zigawo zimaloledwa kumukhululukira mayeso a pamsewu msilikali amene wayendetsa malole a asilikali zaka ziwiri popanda mbiri yoipa, akamafuna laisensi yoyendetsera malole akuluakulu yotchedwa CDL. Zinatheka msanga chifukwa miyezo ya CDL inali kale m'manja mwa Washington. Chimodzimodzinso amakaniko a ndege: chiphaso chawo chimachokera ku FAA, bungwe la boma lalikulu loona za ndege, ndiye chimagwira ntchito paliponse. Asilikali alinso ndi pulogalamu ya COOL, yomwe imathandiza msilikali kudziwa ndi kulipirira masatifiketi a anthu wamba ofanana ndi ntchito yake asanapume, ndi ya SkillBridge, yomwe imamulola kukaphunzira ntchito kukampani m'masiku 180 omaliza akulandirabe malipiro a usilikali.

Zomwe zigawo zinayamba kuchita pazokha

Mu Epulo 2011 Michelle Obama ndi Jill Biden, mkazi wa pulezidenti ndi mkazi wa wachiwiri wake pa nthawiyo, anakhazikitsa kampeni ya Joining Forces, ndipo chimodzi mwa zomwe anapempha abwanamkubwa chinali chofewetsa malamulo a malaisensi. Njira zake zinali zitatu: kuvomereza laisensi ya kwina ngati zofuna zake zikufanana ndi za kuno, kupereka laisensi yongoyembekezera kuti munthu azigwira ntchito mapepala ake akuunikidwa, ndi kufulumizitsa mafomu a mabanja a asilikali. Pofika 2016 zigawo zonse 50 zinali zitachitapo kanthu.

Komatu kuchitapo kanthu kuli mitundumitundu. Lamulo lina linkati bodi iyenera kupereka laisensi, lina linkati bodi ikhoza kupereka, ndipo kusiyana kwa mawu awiriwa ndi kusiyana kwa ufulu ndi chifundo. Malamulo ambiri ankati maphunziro a mlendoyo akhale ofanana kwenikweni ndi a kuno, koma woweruza kufananako anali bodi yomweyo. Ena ankasiya kunja aphunzitsi ndi maloya. Ndipo amayi ambiri ankadandaula kuti akaimba foni ku bodi, woyankhayo sankadziwa n'komwe kuti lamulolo liliko. Washington inathandizako pa ndalama: kuyambira ndi lamulo la zachitetezo la chaka cha boma cha 2018, banja limabwezeredwa zomwe lawononga potenganso laisensi, poyamba mpaka madola 500, kenako mpaka 1,000. Ndalamazo zimalipira fomu, sizibweza miyezi yodikira.

Arizona inapita patali. Lamulo lomwe poyamba linali la akazi ndi amuna a asilikali okha, mu 2019 bwanamkubwa Doug Ducey analisainira kuti likhale la aliyense wosamukira m'chigawocho amene wakhala ndi laisensi yopanda banga kwina kwa chaka chimodzi. Mfundo yake inali yakuti munthu saiwala ntchito chifukwa chowoloka malire. Zigawo zina zambiri zatengera, chilichonse ndi zofuna zakezake. Onani kuti apa munthu amapemphabe laisensi yatsopano ya Arizona. Chomwe chachoka ndi kubwereza sukulu.

Compact: pangano la zigawo

Njira ina ndi yoti zigawo zigwirizane zokhazokha. Pangano lotere amalitcha compact, ndipo limakhala lamulo m'chigawo chilichonse chomwe nyumba yake ya malamulo yalivomereza, mawu ake osasintha. Si chinthu chachilendo: bungwe loyendetsa madoko ndi milatho ya pakati pa New York ndi New Jersey linabadwa ndi pangano lotere mu 1921. Chofanizira chapafupi ndi laisensi yoyendetsera galimoto ya mtundu wa SADC. Dalaivala wochokera ku Blantyre amadutsa pa Mwanza, kulowa ku Tete, ndi kakhadi kake komweko, koma akafika kumeneko amatsata malamulo a pamsewu a eni dziko.

Pangano la anamwino ndilo lakale pa ntchito za umoyo. Linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2000 ndi zigawo zinayi, Maryland, Texas, Utah ndi Wisconsin, ndipo linakonzedwanso mu 2018 powonjezera kufufuza mbiri ya milandu pogwiritsa ntchito zidindo za zala. Lero muli zigawo ndi madera oposa 40. Namwino amatenga laisensi imodzi m'chigawo chomwe ndi kwawo mwalamulo, n'kumagwira nayo ntchito m'zigawo zonse za m'panganolo. Kwa mkazi wa msilikali izi zimakomanso chifukwa lamulo lina, la mu 2009, limamulola kusasintha kwawo kwa mwalamulo pamene akutsatira mwamuna wake. Taganizirani Fort Campbell, kampu yomwe ili pamalire penipeni pa Kentucky ndi Tennessee: namwino wokhala mbali ino akhoza kugwira ntchito mbali inayo popanda pepala lachiwiri.

Chovuta n'chakuti compact imafika pokhapo pomwe yavomerezedwa. California, komwe kuli asilikali ochuluka kwambiri ku San Diego ndi ku Camp Pendleton, sili m'pangano la anamwino. New York nayonso sili. Mabungwe ena omenyera ufulu wa anamwino amakana panganoli ponena kuti chigawo chimataya mphamvu yosunga miyezo yake, ndiponso kuti mabwana a zipatala angamabweretse anamwino akunja mosavuta nthawi ya sitiraka. Mabodi nawo amataya ndalama za malaisensi. Komanso macompact safanana. La madokotala silipereka laisensi imodzi. Limangofupikitsa njira, dokotala n'kulipirabe laisensi ya chigawo chilichonse payokha. Unduna wa zachitetezo wakhala ukupereka ndalama kudzera ku Council of State Governments, bungwe la maboma a zigawo, kuti alembe mapangano atsopano a aphunzitsi, a zaumoyo wa mano, okonza tsitsi, othandiza anthu pa mavuto a m'mabanja ndi ena, koma kuchokera pa kulemba pangano kufika poti munthu woyamba walandira chilolezo pamapita zaka.

Washington ilowererapo

Tibwerere ku kandime ka mu 2023 kaja. Anakalowetsa m'lamulo lakale lotchedwa Servicemembers Civil Relief Act, lomwe mizu yake ndi ya mu 1940, ndipo ntchito yake ndi kuteteza msilikali pa nkhani za ngongole, lendi ndi milandu ya kukhoti pamene ali pantchito ya dziko. Maganizo ake ndi akuti boma likamutuma munthu, lisamusiye alangike chifukwa chomvera. Kandime katsopanoko kanatambasulira maganizo omwewo ku malaisensi: laisensi ya kwina iziwerengedwa kuti ndi yovomerezeka m'chigawo chatsopano nthawi yonse ya kalata ya PCS, malinga mwini wake apereke kalatayo ku bodi, akhale wopanda mlandu, avomere kukhala pansi pa mwambo wa bodi yatsopano, ndipo akhale ataigwiritsa ntchito laisensiyo m'zaka ziwiri za m'mbuyo. Maloya anasiyidwa kunja, ndipo kumene kuli compact, compact ndiyo inkatsogola.

Chiyeso choyamba chinabwera chaka chomwecho ku Texas. Mayi wina, mlangizi wa ana asukulu wokhala ndi malaisensi a ku Ohio ndi ku Missouri, anatsatira mwamuna wake ku kampu ya asilikali a mumlengalenga ya Laughlin Air Force Base ku Del Rio. Texas Education Agency, nthambi yoona za maphunziro m'chigawocho, inakana kuvomereza mapepala ake, n'kuumirira malamulo ake oti aonetse zaka ziwiri za ntchito kapena alembe mayeso a ku Texas. Mayiyo anakasuma, unduna wa zachilungamo unalembera khoti momuikira kumbuyo, ndipo woweruza Robert Pitman anagamula momukomera, komaliza mu Novembala 2023. Mfundo ziwiri zinamveka: lamulo la Washington limaposa la chigawo pankhaniyi, ndipo kugwiritsa ntchito laisensi m'zaka ziwiri sikutanthauza kuigwiritsa ntchito zaka ziwiri zathunthu.

Pa 23 Disembala 2024 kandimeko kanasinthidwa kudzera m'lamulo la pachaka la zachitetezo. Zoti munthu akhale ataigwiritsa ntchito laisensi m'zaka ziwiri zinachotsedwa, zomwe zinathandiza mayi amene anali kulera mwana kapena anali kunja kwa dziko. Maloya analowetsedwa. Wopempha tsopano amapereka umboni wa kalata ya PCS, mtchatho waukwati ngati iyeyo si msilikali, ndi kalata yolumbira yonena kuti ndi yemweyo, kuti alibe chilango kapena kafukufuku wa mlandu kwina kulikonse, ndiponso kuti atsata malire a ntchito a chigawo chatsopano. Bodi ili ndi ufulu wofufuza mbiri yake, ndipo ikaona kuti sikwanitsa m'masiku 30 ikhoza kumupatsa laisensi yongoyembekezera. Ine ndimaona kuti kusinthaku kunapatsa mbali zonse kenakake: mabanja anachotseredwa chotchinga, mabodi anapatsidwa fomu ndi khomo loti munthu adzerepo.

Zomwe sizinathebe

Funso loyamba ndi la malire a ntchito. Dzina la ntchito likhoza kukhala limodzi koma zololedwa n'kusiyana. Namwino wa maphunziro apamwamba, amene amamutcha nurse practitioner, amalemba mankhwala payekha ku Arizona, koma ku Texas amafunika mgwirizano ndi dokotala. Mphunzitsi wololedwa kuphunzitsa makalasi ena kuno angapeze kuti kutsidya makalasiwo anawagawa mwina. Nanga ngati ntchito yake sinkafuna laisensi kumene akuchokera, koma kuno ikufuna? Alibe choti anyamule, ndipo lamulo la Washington silimuthandiza.

Lachiwiri ndi la kulondola olakwa. Munthu akalakwira wodwala m'chigawo chomwe sichinamupatse laisensi, bodi ya kumeneko ingamuletse kugwira ntchito, koma yolanda laisensiyo ndi bodi yomwe inapereka. Macompact ali ndi nkhokwe imodzi ya pakompyuta yomwe mabodi amadziwitsirana za zilango. Ntchito zopanda compact zimadalira kuti mabodi azilemberana, ndipo otsutsa amaopa kuti wolakwa angasamuke mbiri yake isanamupeze.

Lachitatu ndi la mphamvu. Chigamulo cha ku Texas chinali cha khoti loyambirira la boma lalikulu. Alipo amene amaona kuti Congress, nyumba ya malamulo ya ku Washington, ili ndi ufulu wonse, popeza malamulo a dzikolo amaipatsa udindo wosamalira asilikali. Ena akuopa kuti ngati Washington ingauze zigawo amene ziyenera kumulola kuchiza kapena kuimira anthu kukhoti lero chifukwa cha asilikali, mawa idzatero pa zifukwa zina. Pa maloya nkhaniyi ndi yovutirapo, chifukwa amene amawavomereza ndi makhoti aakulu a zigawo, ndipo malamulo a malo, a ukwati ndi a chuma cha masiye amasiyana chigawo ndi chigawo.

Palinso amene lamuloli siliwafikira. Limagwira ntchito pa kusamuka kolamulidwa, ndiye banja lomwe lapuma usilikali n'kusankha lokha kokakhala limabwerera ku malamulo a zigawo ndi macompact. Banja lotumizidwa ku Germany, ku Italy kapena ku Okinawa ku Japan limakumana ndi zina: kumeneko zoti mkazi wa msilikali angagwire ntchito yanji zimadalira mapangano a America ndi dziko lomwe lawalandira. Ndipo amene anaphunzira kunja kwa America, monga namwino wochokera ku Malawi kapena ku Zambia wokwatiwa ndi msilikali wa kumeneko, ayenera kuyamba wapeza laisensi ya chigawo chimodzi, kuunikitsa maphunziro ake ndi kulemba mayeso a unamwino a ku America otchedwa NCLEX, lamuloli lisanayambe kumuthandiza.

Funso lomwe likukula kwambiri ndi lomwe Arizona inadzutsa. Ngati n'zotetezeka kuti mkazi wa msilikali achize odwala ku Georgia ndi laisensi ya ku Ohio, n'chifukwa chiyani sizingakhale zotetezeka kwa mkazi wa injiniya amene kampani yamusamutsa? Ofuna kusintha malamulo amati mabanja a asilikali aonetsa kuti zotchinga zambiri zinali zosafunika. Oteteza mabodi amayankha kuti kukhululukira gulu laling'ono lomwe silinasankhe kusamuka n'kosiyana ndi kutsegulira aliyense, chifukwa zikatero chigawo chokhala ndi miyezo yotsikitsitsa ndicho chidzakhale chikuikira dziko lonse muyezo. Chomwe chingathandize kuweruza pakati pawo ndi ziwerengero ziwiri zomwe zikudikiridwa: ngati madandaulo a odwala ndi a makolo akwera m'zigawo zomwe zafewetsa malamulo, ndiponso ngati chiwerengero chija cha mmodzi pa asanu chiyambe kutsika tsopano pamene laisensi ikutha kukwera nawo lole ya katundu.